Kutsitsa Mphuno ya Pikapu ya a Bwanali

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa alamu anga, omwe ankayendetsa minibasi ya Balaka-Liwonde. Nditamaliza maphunziro a zaumakaniko, anakandipemphera malo pa galaja ya a Jafali, kuseri kwa msika. A Jafali anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Mkazi pansi pa galimoto? Chabwino, tiona." Miyezi itatu yathunthu ntchito yanga inali kutsuka mabawuti mu palafini. Bambo amenewo ndinkadana nawo, ndipo sindibisa.

Tsiku lina kunabwera a Bwanali, ogulitsa mpunga ochokera ku Nayuchi, pikapu yawo itadzaza matumba mpaka pamwamba. Kumbuyo inali itakhala pansi, kutsogolo itatukula mphuno.

"Iziyenda ikuyang'ana kumwamba chonchi? Anthu akundiseka. Itsitseni kutsogoloku," anatero.

Pikapu zamtunduwu kutsogolo zilibe masipuling'i. Zili ndi toshoni bala, chitsulo chachitali mbali iliyonse chomwe chimapotoka tayala likagunda bampu. Kumapeto kwake kuli bawuti. Ukalimanga galimoto imakwera, ukalimasula imatsika. A Jafali anandiponyera sipanala. Kanali koyamba kundipatsa ntchito yeniyeni, ndipo ndinadziwa kuti ndikaphonya apa ndiye kwanga kwatha.

Ndinazungulira galimotoyo n'kuona kuti vuto silinali kutsogolo. Masipuling'i akumbuyo ndiwo anali atatopa ndi katundu.

"Abwana, bwanji titsitse kaye matumbawa tiyeze ili yopanda kanthu?" ndinafunsa a Jafali.

"Iyayi! Ine ndayamba kugwira sipanala iwe usanabadwe. Lowa pansipo."

Ndinalowa. Ndinakweza ndi jeke kuti chitsulocho chipepukidwe, ndinalemba choko pa mabawuti onse awiri, n'kumasula nati yotsekera. Ndinkazunguliza kawiri bawuti la mbali ya kumanja, kawiri la mbali ya kumanzere, kenako kutsitsa jeke, kugwedeza galimoto kuti ikhazikike, n'kuyeza ndi tepi kuchokera pakati pa tayala kufika pa bodi. Nditafika kasanu ndi kamodzi ndinasuzumira pa labala yomwe imaletsa mkono wa tayala kugunda chitsulo. Mpata unatsala wa zala ziwiri zokha.

"Abwana, apa pakwana. Tikapitirira ikhalira pa labala."

"Ndakufunsa? Ikufanana ndi kumbuyo imeneyo? Pitiriza, apo ayi nyamuka uzikaphika."

Anthu omwe ankadikira magalimoto awo anaseka. Ndinabwerera pansi n'kuzunguliza kanayi kena mbali iliyonse. Galimoto inaima mofanana bwinobwino, a Bwanali n'kugwira chanza a Jafali. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

Mawa lake masana pikapu ija inabwera ikukokedwa ndi lole. A Bwanali atagulitsa mpunga, kumbuyo kunadzuka, mphuno n'kugwera pansi kwambiri. Powoloka njanji ku Nkaya anagunditsa sampu, chiwaya cha oyilo cha pansi pa injini, oyilo yense n'kutayika, ndipo anayendabe mpaka injini inagwira n'kuferatu.

"Walahi mwandipha!" anakuwa ali pa geti. "Mpunga wanga uli ku Nayuchi, ndikautenga pamutu? Wagwira galimoto yanga ndani?"

A Jafali sanachedwe. Anandiloza ndi chibwano. "Ndi uyu. Ndimanena ine kuti akazi ntchito iyi sangaithe. Iwe, gwada upepese."

Onse amene anamva dzulo lake ndikuchenjeza anali pomwepo, koma aliyense anapeza choyang'ana pansi.

"Sindigwada," ndinatero. "Ndinakuuzani kawiri, inu munandiuza kuti ndizikaphika. Lero mukufuna ndisenze bodza lanu?"

"Vula ovolosi yangayo, uchoke!"

Ndinaivula pomwepo n'kuiponya mu beseni la oyilo wakuda. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ndikulira ndi ukali, ndipo alamu anga sanandilankhule mwezi wathunthu poti ndinawachititsa manyazi.

Lero ndili ndi kagalaja kanga ku Liwonde. Galimoto ikabwera ndi katundu sindiyeza chilichonse mpaka thumba lomaliza litatsika, ndipo mwini wake akakana ndimamuonetsa geti. A Jafali sindinawakhululukire, tikakumana pa maliro ndimadutsa ngati sindinawaone. Koma chomwe chimandiwawa kwambiri si bodza lawo lija. Pa kasanu ndi kamodzi paja ndinaona mpata wa labala ndi maso angawa, ndinadziwa chomwe chichitike. Kanayi komalizako ndinazunguliza ndine, pofuna kusunga ntchito yomwe inatha mawa lake lomwelo.