Abba pa Foni

Ndinaganiza zochoka kwathu ku South Bend chaka chimene amayi anamwalira. M'nyumba munali zii, ndipo chipatala china ku Indianapolis chinkafuna osamalira odwala. Bambo sanakane. Anangoti, "Muyende bwino." Chibadwire changa ankanditchula iwe. Tsiku limenelo anandipatsa ulemu wa mlendo, ndipo ulemuwo sanauchotsenso.

Ku Lawrence, dera la ku Indianapolis komweko, tinkakhala atatu mu apatimenti imodzi: ine, Tiya wa ku Zomba, ndi Noa wa ku Israeli, amene ankaphunzira unamwino. Malipiro ankathera renti ndi mafuta a galimoto. Zotsala ndinkatumizira bambo, iwo n'kulemba kuti alandira, Ambuye andidalitse. Ndinkapempherabe m'mawa uliwonse, monganso ndimachitira lero, koma mawu ankangotuluka ngati ndikuwerenga tchati cha wodwala.

Loweruka lina masana Noa anatiikira filimu yakale ya kwawo, imene anati anzake onse amaidziwa pamtima. Nditamva kuti ndi ya Chihebri, chinenero cha Mose ndi aneneri, ndinasamba m'manja n'kukhala mwaulemu.

"Amayi abusa," anatero Tiya, "muvulenso nsapato."

Munalibe mneneri. Munali achinyamata okhalira limodzi ngati ife, akukangana za mbale zosatsuka ndi zibwenzi zosapita patali. Kenako mtsikana wina ananyamula foni n'kunena kuti Abba. Ine liwu limenelo ndinkalidziwa la ku Getsemane, la munthu wogwada. Uyu ankalinena atasanjika miyendo patebulo, akutafuna, akudandaula. Ndinafunsa Noa ngati kumeneko si kunyoza. Anati ayi, mwana aliyense amaitana bambo ake choncho, ngakhale akungofuna makiyi a galimoto.

Anzanga anaseka mpaka filimu kutha. Ine sindinamvenso kanthu kupatula Abba uja, koma mwezi wotsatira ndinasiya ntchito. Ndikudiraiva kubwerera kwathu, ndinkayeseza m'galimoto: ndikalowa osagogoda, ndikadziponya pa sofa, ndikawauza bambo kuti ndatopa ndipo ndawasowa amayi.

Pakhomo ndinapeza nsapato zachilendo. Chipinda changa anali atapatsa Chisomo, mtsikana wa kumpingo kwathu amene ankaphunzira pa yunivesite. Bambo anali atanenepako. Sanandithamangire ngati atate a m'fanizo lija la mwana wolowerera, komanso sanandikalipire. Anandipatsa moni wa manja awiri, n'kufunsa za msewu. Kenako anatembenukira kukhitchini.

"Iwe Chisomo, mpunga ukupserera uko. Mutu wako uli kuti?"

"Aaa, adadi, ndauona kale," anayankha mtsikanayo, osadzuka n'komwe.

Liwu lija loti iwe linali likadali m'kamwa mwawo. Linkangopita kwa amene amawapserezera mpunga tsiku ndi tsiku.

"Khalani pansi, mwatopa," anatero bambo.

Ndinakhala pa mpando wa alendo, chikwama pamiyendo, mpaka Chisomo anandibweretsera madzi osamba m'manja.