Golo la Kumunsi la a Stafford

Akuti anyamata a Magiya, timu ya ku Khonjeni ija, anabwera pa galaundi ya esiteti yathu n'kukwirira mutu wa nkhumba pakati pa golo la kumunsi. Akuti anausoka maso ndi ulusi wakuda kuti goloboyi wathu asamaone mpira. Amene anawaona palibe, koma aliyense anali ndi mlamu wake amene anamva kwa amene anawaona. Inu mukhoza kuseka. Komatu anthu a ku Khonjeni mukawadziwa simuseka kwambiri. Munthu amene amakukweza pa kabaza atalumbira kuti mabuleki alipo, angalephere kukwirira kamutu ka nkhumba?

Mphekesera imeneyi inawapeza a Stafford akuthirira kapinga.

A Stafford ndiwo amasamala galaundi. Bambo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, kuwoloka Ruo mtolo uli pamutu, n'kudzafera mu tiyi. A Stafford nawonso analowa mu tiyi ndevu zisanamere. Anathyola mpaka zala zinada ngati za wogulitsa makala, dengu likuwapinda msana chaka ndi chaka. Msana utakana, manijala wina wachifundo, kapena amene anachita ulesi kuwachotsa ntchito, anawapatsa chikwakwa ndi kheni yothirira n'kunena kuti, "Madala, muzikasamala galaundi."

Mpira wokha sautha. Paunyamata anayesa kamodzi kuima pagolo, koma mpira uliwonse wobwera ankaupatuka mwaulemu, ati umafuna kuwathyola zala zodyera.

Nthawi imene ankapatsidwa ntchitoyi galaundi inali dothi lofiira lokhalokha. Mvula ikagwa, osewera ankatuluka ngati njerwa zosawotcha. A Stafford anayamba kuzula kapinga pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba za mabwana, kumubisa m'dengu lawo lakale, n'kumadzala kachigamba apa, kachigamba apo. Zaka zinapita, zigamba zinakumana. Lero mukaima pamtunda pa fakitale simudziwa pamene tiyi wathera ndi pamene galaundi yayambira, zonse zobiriwira biriwiri. Mbuzi za kumalaini, kumene timakhala ife antchito, zimawadziwa a Stafford ndi mwala. Ana amawadziwa ndi tsatsa. Ngakhale akazi awo, a Teleza, tsiku lina atayanika makaka pakona ya galaundi anawapeza atawunjikidwa mumsewu.

"Mukanangokwatira udzuwo," anatero a Teleza.

"Udzu suyankha," anatero a Stafford, ndipo tsiku limenelo anagona ndi njala.

Chimene chinkawawawa n'chakuti kapinga wokongola chonchi sanapondedwepo ndi masewero aakulu. Zinali za fakitale kumenyana ndi a kunazale, lifale wake kapitawo wovala magambutsi. Koma chaka chino timu yathu ya Mphukira inafika m'ndime yachipulula. Imenye kawiri ndi Magiya, koyamba kwathu, chibwereza kwawo, ndipo wopambana akwere ligi yapamwamba. Akuluakulu a ligi anati adzabwera tsiku loti mawa lake ndi mpira kudzaona ngati galaundi ili yoyenera. A Stafford sankafuna zambiri. Ankangofuna lifale weniweni wa ku Blantyre, wa malaya ake achikasu, aponde kapinga wawo, ayang'ane pansi, afunse kuti wadzala ndani.

Pasikelo, pamene anthu amayeza tiyi, nkhani inali yomweyo. Amayi ankati tikakwera kuzibwera mabasi a m'tauni, mandasi azitha dzuwa lisanapendeke. Abambo ankadandaula kuti goloboyi wathu amakonda kachasu kuposa mpira, komanso kuti wakutsogolo wa Magiya ali ndi akatumba ngati mitengo ya bulugama chifukwa chopalasa kabaza pa zitunda za ku Changata. Magiya takhala tikukumana nawo kambirimbiri, ndipo kunena zoona, amatikwapula. Choncho mutu wa nkhumba utamveka anthu ena anakhala ngati apepukidwa. Eya, ndiye n'chifukwa chake!

Wapampando wa masapota ndi Hopeson, mnyamata wa kufakitale amene mawu ake safuna vuvuzela koma amayenda nayo ndithu. Iyeyu ndiye anatulukira pa galaundi ndi gulu lake.

"Madala, mankhwala ake ndi amodzi," anatero Hopeson. "Mkodzo. Mkodzo umasukulutsa chilichonse chokwiriridwa. Funsani aliyense wodziwa mpira."

A Stafford anaika kheni pansi n'kutola chikwakwa.

"Wokodza pa kapinga wanga ndimudula ndi ichi. Ndipo ukudziwa chimene ndidule."

Gulu linabwerera likuseka, ena atagwira kutsogolo kwa mabuluku.

Koma popita kunyumba a Stafford anayamba kulingalira. Nanga zikakhala zoona? Lifale wa ku Blantyre adzaponde kapinga wawo, kenako tidzamwe zigoli pa golo lomwelo, anthu adzati chiyani? Adzati madala aja ankathirira nkhumba. M'mawa mwake, kusanayere bwino, anatenga chitini chimene iwo ndi a Teleza amagwiritsa ntchito usiku, anachivindikira ndi tsamba la nthochi, n'kukachikhuthula pakati pa golo la kumunsi. Kamkodzo ka anthu awiri okalamba kangawononge chiyani? Anatsuka chitini pampope n'kubwerera ngati munthu wochokera kokawona nyengo.

"Chitini mumapita nacho kuti masiku ano?" anafunsa a Teleza patapita masiku.

"Ndikukuthandizani ntchito."

"Inu? Chikwatirirane simunatolepo ndi supuni yomwe, muyambire chitini?"

Sabata isanathe, pakamwa pa golo panaoneka chigamba chachikasu. Chinakula. Chinasanduka chofiirira ngati fodya, ndipo dzuwa likatentha pankatuluka fungo loti ngakhale mbuzi zija zinkadutsa patali zokha, osafuna mwala. Ntchentche zazikulu zobiriwira zinasamuka kuzimbudzi za kumalaini n'kudzamanga mudzi pamenepo. Goloboyi wathu anakana kudzigwetsa pochita zokonzekera, ati bola amuchotse m'timu. Anzake ankamenya mpira atakokera majezi pamphuno.

"Mwaona?" anakuwa Hopeson. "Mutu wayamba kuwola!"

A Stafford anagwada, anazula kaudzu kamodzi, mizu yake yakuda, yoterera. Anathirira madzi makheni ndi makheni, koma m'mawa uliwonse ankapeza dothi lili chinyontho kale, fungo litaonjezeka. Mtima unawauza kuti chinthucho n'champhamvu, ndipo anayamba kumwa madzi ambiri madzulo kuti chitini chizidzaza.

Tsiku lina masana lole ya a Mustapha inaima pamsewu wa pagalaundi. A Mustapha ndi a ku Khonjeni, amabweretsa nkhuni kufakitale, ndipo ndiwo amanyamula timu ya Magiya popita kumasewero. Anthu anawazungulira asanatsike n'komwe.

"Ankolo, mutu uja munaunyamulira kutsogolo kapena kumbuyo?" anafunsa Hopeson.

Atawafotokozera, a Mustapha anavula kachisoti kawo, anakayang'ana, n'kukavalanso.

"Ine? Nkhumba? M'galimoto yanga? Amwene, ine ngakhale wonyamula soseji sindimukweza ndisanafunse kuti ndi ya chiyani." Anatsika, anayenda pang'ono kulowera kugolo, anaima, analavula. "Phu! Ili si fungo la nkhumba. Ili ndi fungo la kuseri kwa depoti."

"Mukulidziwa bwanji fungo la nkhumba ngati simuigwira?" anatero Hopeson.

Gulu linaombera m'manja ngati wagoletsa. A Mustapha anakwera lole yawo akupukusa mutu, anatseka ndi galasi lomwe.

M'mawa wa tsiku limene a ligi ankabwera kunagwa chiperoni, nkhungu yoti munthu suona dzanja lako. A Stafford ananyamuka ndi chitini chawo, chodzaza bwino, akuyenda mosamala kuti chisatayikire pa phazi. Atayandikira golo anamva phokoso ngati mpope wotsegula. Anaima. M'nkhungumo munali munthu atawerama, akukhuthula chigubu chachikulu cha mafuta ophikira.

"Hopeson!"

Hopeson anatembenuka. Anayang'ana a Stafford, anayang'ana chitini.

"Madala, m'menemo muli tiyi?"

Asanayankhe, kumbuyo kunamveka kutsokomola. Anatulukira kapitawo ndi botolo la mowa lotseka ndi chitsononkho. Anatulukira amayi awiri a kwaya atagwirizira ndowa. Anatulukira mlonda wa pageti, wopanda botolo iyeyu, akungomasula lamba. Goloboyi mwiniwake, amene ankakana kudzigwetsa uja, anabwera ndi kajagi. Aliyense ankaganiza kuti ali yekha, aliyense ankabwera nthawi yakeyake, koma tsiku limeneli poti linali lomaliza onse analawirira. Anaima mozungulira golo, palibe wopatsa mnzake moni, nthunzi ikukwera kuchokera pansi.

A Stafford anaika chitini pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye ndinu," anatero. "Malaini onse. Kapinga wanga mwamusandutsa chimbudzi."

"Mwamusandutsa? Nanga inu mumabwera kudzapemphera?" anatero mmodzi wa amayi a kwaya.

"Wanga ndi wochepa!"

"Wochepa koma wokalamba. Ndiye wowawa kwambiri."

Apa munthu wanzeru akanati basi, taona chimene chikununkha, tiyeni titunge madzi titsuke, tithire mchenga, a ligi asanafike. A Stafford anayamba kunena zomwezo. Koma Hopeson anali atapeza kale mpweya.

"Taganizani bwino, anthuni. Mkodzo wonsewu, wa malaini onse, koma fungo osatha. Ndiye kuti chinthucho chikulimbana nawo! Tichikumbe. Madala, mukakana, mawa tikaluza mudzayankha ndinu."

Anthu anavomereza. Ena anathamangira kunyumba kukatenga makasu. A Stafford anayang'ana chigamba chija, anayang'ana nkhope za anthu amene adzakhale nawo pamaliro ndi pachigayo mpaka imfa. Ndipo pansi pa mtima, tisawanamizire, kanalipobe kamawu kakuti, nanga chikakhalapo?

"Ndikumba ndekha," anatero. "Wina asaponde."

Anatenga fosholo, anadula kapinga wozungulira chigambacho m'tizidutswa tamakona, n'kumatiika pambali mwadongosolo kuti adzatibwezeretse. Kenako analowa m'dothi. Linali phala. Fosholo iliyonse inkatuluka ndi fungo latsopano, lina la kachasu, lina la mankhwala a kuchipatala, lina loti mwini wake akanayenera kupita kuchipatalako. Matope ankawathovukira m'miyendo, m'manja, kamodzi pamlomo. Analavula, anapitiriza. Anafika m'mawondo. Palibe.

"Mwaphonya, madala. Akuti ndi chakumanzere, pafupi ndi polo ya golo," anatero wina.

"Ayi, mlamu wanga anati pamalo pomenyera penate!"

Khasu loyamba linagwa kumanzere. Lachiwiri pa penate. A Stafford anakuwa ali m'dzenje, koma ndani akanamva, Hopeson akuliza vuvuzela kulimbikitsa okumba. Tizidutswa tawo tamakona tija anatiponda mpaka tinalowa m'matope. Wina anati mwina anamva molakwa, ndi golo la kumtunda, ndipo theka la gulu linathamangira kumeneko makasu ali m'mwamba.

Nkhungu itayamba kuchoka, galimoto ya a ligi inaima pamsewu. Anatsika bambo wa jekete ndi lifale wa ku Blantyre, wamtali, nsapato zake zoyera. Lifaleyo anayenda mpaka pamzere wa galaundi, anaima pomwepo, anatulutsa kampango n'kutseka mphuno. Anayang'ana maenje, milu ya dothi lofiira, zigubu, ndowa, polo imodzi itapendekeka. Kenako anaona mutu wa munthu ukusuzumira m'dzenje la pagolo.

"Bambo, amasamala galaundi ino ndani?"

A Stafford anayang'ana uku ndi uku. Anthu onse anawaloza.

"Pepani," anatero wa jekete uja, mawu akutulukira m'kampango kake nayenso. "Pano sipangaseweredwe mpira. Masewero onse awiri akachitikira ku Khonjeni."

Anakwera galimoto. Kapinga sanamuponde.

Anthu anayamba kuzemba mmodzimmodzi, aliyense ndi botolo lake kumbuyo. Hopeson anati akukafunsa za mtengo wa lole yopita ku Khonjeni, ndipo lole yake ndi ya a Mustapha omwewo. A Teleza anabwera, anaima patali, anatola chitini chawo ndi zala ziwiri.

"Musalowe m'nyumba mwanga musanasambe kumtsinje," anatero. "Sopo ndikuponyerani."

A Stafford anatsala okha. Poti anali kale m'dzenje, ndipo poti munthu amafuna kudziwa chimene wafera, anakumbabe mpaka m'chiuno, mpaka fosholo inagunda mwala. Madzulo anayendera maenje ena onse, limodzi ndi limodzi, akutokosa ndi ndodo.

Munalibe mutu wa nkhumba. A Magiya sanakwirire kanthu.