Mbale Yosavundikira ya Chiyamiko

Pali anthu ena akakuthandiza amafuna uziwagwadira mpaka maondo atatupa. Ngati munakumanapo nawo, nkhani iyi ndi yanu, ndipo ndikuikamba mtima ukuwira.

Chiyamiko anali mwana wamasiye. Azakhali ake, Mayi Atupele, anamutenga ku Malawi kuti adzaphunzire unesi ku South Bend, mzinda wa ku America. Zaka zinayi Chiyamiko anawachapira, kuwaphikira, kuwakolopera, mabuku n'kumawatsegula maso ali psuu ndi kutopa. Munthu angakhoze bwanji choncho? Mayeso analephera katatu.

Lamlungu lina amayi akutchalitchi atadzaza pabalaza, azakhaliwo analengeza ngati uthenga wa maliro.

"Wafeilanso uyu. Kachitatu! Ine ndatopa naye, mutu uwu ndi wakukhitchini basi."

Amayi onse anangoti zii, kwinaku akutafuna mandasi amene Chiyamiko yemweyo anakazinga. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma tsiku limenelo mwambiwo anausiya panja m'magalimoto. Zimandinyansa mpaka lero.

Chiyamiko sanalire. Analongedza zovala m'majumbo akuda a zinyalala, poti sutikesi inali ya azakhali, n'kukwera basi ya ku Indianapolis. Kumeneko Akuzike, mnzake wa kusekondale amene ankagwira ntchito kuchipatala, anamupatsa sofa yogonapo kunyumba kwake ku Beech Grove.

Ntchito anaipeza yotsuka mbale pa kalesitilanti kena ka ku Downtown, pakatikati pa mzindawo. Mwini wake anali Joan, mayi wamfupi wosadziwa kuseka, amene mayi ake anachokera ku Japan. Pamalopo sankaphika nyama, nsomba, mazira ngakhale mkaka. Chimene anthu ankaimira pamzere chinali tofu wokazinga. Tofu ndi chibumi choyera, chofewa, chopangidwa ndi soya, ndipo Chiyamiko atamuona koyamba anaseka chamumtima. Kuthawa masoya a kuboding'i konse kuja, n'kudzawapezanso ku America atavala suti!

Koma ali pasinki maso ake ankakhala ku chitofu. Anaona mmene Joan ankakulungira tofu m'nsalu n'kumupsinja ndi thabwa kuti madzi atuluke. Ankamudula timabokosi, n'kumugubuduza mu ufa wosalala wa mbatata, pompo n'kumuponya m'mafuta otentha ufawo usananyowe. Msuzi wake unali wa bowa wouma, ndere za m'nyanja ndi sosi wa soya, ndipo ankauthira m'mbali mwa mbale, osati pamwamba. Akaphika bwino, khungu lake limalira pa mano pamene mkati muli mofewa ngati chambiko.

Patatha miyezi isanu wophika wina anasiya ntchito. Chiyamiko anapukuta manja n'kukaima pamaso pa Joan.

"Ndiyeseni ine."

Joan anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mbale imodzi. Yamba."

Anaphika bwino, ndikunenetsa. Tofu anatuluka m'mafuta ali mbuu, wouma, wopepuka. Koma foni ya Joan inalira, ndipo iye anapita kukayankha. Chiyamiko anachita chimene mwana aliyense woleredwa bwino kwathu angachite: chakudya cha munthu wamkulu sichidikira chili poyera. Anatenga mbale ina n'kuvundikira bwinobwino.

Joan atabwerako anavundukula. Nthunzi inali itagwira kale ntchito yake, khungu lonse litanyowa n'kusanduka phala.

"Wavundikira ndani?" anakalipa.

"Ndine. Ndimakupatsani ulemu."

"Ulemu? Wapha chakudya changa! Bwerera kusinki."

Chiyamiko anatsuka mapoto tsiku limenelo ngati akufuna kuwaboola. Mtima unamupweteka kwambiri, chifukwa khalidwe lomwelo limene anamukwapulira ali mwana kuti alidziwe ndi limene linamugwetsa. Poweruka Joan anamuuza mawu ochepa, kuti Lachisanu la sabata yotsatira adzamuyika pa chitofu nthawi ya nkhomaliro, ndipo mbale imodzi yokha ikadzabwerera, ntchitoyo adzapatsa wina.

Kunyumba nako kunali kwina. Mng'ono wake wa Akuzike ankabwera kumapeto kwa mwezi, ndipo sofa ija inkafunika. Maola otsuka mbale anali ochepa, osati oti munthu n'kupezera chipinda. Kulephera Lachisanulo kunali kubwerera ku South Bend ndi majumbo akuda aja, kukagogoda pa chitseko cha azakhali.

"Iwe, ungowatekisita azakhali ako, upepese," anatero Akuzike. "Ukusitiresa zaziii."

"Ndipepese chiyani? Kuti ndinawachapira zaka folo?"

Masiku asanu ndi anayi anakazinga tofu m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Mafuta anamuthethera m'manja mpaka matuza. Alamu ya utsi inalira kawiri, aneba n'kugogoda khoma. Chovuta sichinali moto ayi, chinali dzanja lake lomwe, limene linkangothamangira chovundikira lokha. Mapeto ake anatolera zovundikira zonse za m'khitchini ya Akuzike n'kukazitsekera m'bafa.

Tsono pakati pa Amalawi nkhani sigona. Zinali zitamveka kale ku South Bend kuti mwana uja wathawa unesi kukakazinga masoya. Lachisanu lija kunali msonkhano wa amayi ku Downtown, ndipo itakwana nthawi ya nkhomaliro, chitseko chinatseguka. Analowa Mayi Atupele ndi anzawo awiri, mipango ili njo, n'kukhala patebulo loyang'anana ndi khitchini. Njala sindiyo inawabweretsa, anabwera kudzaona mmene munthu wagwera.

"Tiodere chimene amaphika mwana wathuyo," anauza woperekera zakudya mokweza, kuti kukhitchini kumveke.

Chiyamiko anamva. Ukali unamugwira, koma anapsinja tofu, anadula, anagubuduza mu ufa, anaponya m'mafuta. Anathira msuzi m'mbali, pamwamba n'kuwazapo jinja wopala ndi timasamba ta anyezi. Pambali pake panali mulu wa mbale zoyera. Dzanja linapita lokha, linagwira imodzi, ndipo Joan anali chiimire pakauntala akuona zonse.

Chiyamiko anaibweza mbaleyo pamulu. Ananyamula yekha chakudyacho chili poyera, anafika patebulo, anapinda maondo pang'ono n'kuika.

Azakhali anatuzula maso. "Chiyamiko! Ndine galu ine? Chakudya chosavundikira, pamaso pa anthu? Amerika wakuzunguza mutu eti?"

Lesitilanti yonse inacheuka. Mbale ija akanangoikankha, zonse zikanathera pomwepo.

"Azakhali," anatero Chiyamiko, mawu ali pansi koma olimba, "zaka zinayi ndinakuvundikirirani chilichonse. Ichi chokha ayi. Idyani chikadali chotentha, mukamaliza munditukwane."

Mmodzi wa anzawo aja, kaya ndi njala kaya ndi manyazi, anabaya kachidutswa ndi foloko n'kuluma. Kukutu! Phokosolo linamveka mpaka pakauntala. Anatafuna, anatseka maso, n'kubayanso kena.

"Mayi Atupele, tayesani. Masoya ake si amene aja ayi."

Azakhali analuma monyinyirika, nkhope ili ndwii. Analumanso. Sanayamikire, ndipo musayembekezere kuti anthu otere adzapepesa, koma kachidutswa komaliza anachita kulanda pa foloko ya mnzawo. Mbale inabwerera kukhitchini ili mbee. Joan anavula epuloni yakuda pa msomali, ya ophika okhaokha, n'kumuponyera Chiyamiko.

Potuluka azakhali anaima pakhomo la khitchini, maso ali kumbali.

"Ndipakire ina, ndikawapatse ankolo ako ku South Bend."

"Sizitheka, azakhali. M'bokosi anyowa asanafike n'komwe pamsewu waukulu. Ofuna kudya abwere adzakhale pansi pano."

Lero Chiyamiko ali ndi chipinda chakechake ku Speedway, ku Indianapolis komweko, ndipo ophika atsopano amawaphunzitsa ndi iyeyo. Mawu amene azakhali anamunyoza nawo aja, akuti mutu wake ndi wakukhitchini, anawalemba pakapepala n'kumata pamwamba pa chitofu chake.

Inu amene mukuwerenga, mwina wina anakulengezani pagulu kuti ndinu olephera, anthu n'kungoti zii. Kwiyani ndithu, si tchimo, koma ukaliwo upite kuntchito ya manja anu. Ulemu perekani, maondo pindani, koma luso lanu musalivundikire pofuna kusangalatsa munthu amene anakutayani kale. Mtima usagwe, dzukani mukayesenso, ndipo chimene mwaphikacho chiikeni poyera chikadali chotentha.