Mmene ndinathamangitsira a Nyirenda

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndili Fomu 2 pa sekondale yoyendera kufupi ndi Chia. Matipate anali atangolowa kumene, ndipo aliyense pakamwa panali patatseguka. Ukamugunda munthu pang'ono, yankho linali limodzi: "Ndi ufulu wanga."

Mphunzitsi wa sayansi tinali naye mmodzi yekha, a Nyirenda, ochokera kumpoto. Anthu ankawakayikira kale. Kutchalitchi sankaoneka, kumzikiti ayi. Loweruka ankayenda m'dambo ndi botolo, kutola achule. Munthu wamkulu, wandevu zake, achule ankafuna atani nawo?

Tsiku lina anandikwapula zikoti zinayi chifukwa chochedwa. Ndinali nditachokera kokoka khoka, manja akununkhabe nsomba, koma sanafune kumva. Atatero anayamba phunziro. Anati akatswiri a sayansi amanena kuti anthu ndi anyani anachokera ku kholo limodzi kalekale. "Pamayeso mukalembe zimenezi," anatero. "Za chikhulupiriro chanu sindikulandani." Mawu onsewo ndinawamva bwinobwino. Koma matako ankatentha, ndipo ine mtima wapachala ndinabadwa nawo.

Kunyumba ndinapeza bambo akusoka ukonde pakhonde. Anali mkulu wa mpingo, komanso munthu amene anyani ankamuthera chinangwa chaka ndi chaka.

"Bambo, a Nyirenda akuti agogo anali nyani, ndipo Baibulo ndi bodza."

"Atero ndi pakamwa pawo?"

"Eya."

Sanafunsenso. Anapita kwa Che Saidi, Msilamu woyandikana nafe, amene sankalankhulana naye zaka ziwiri chifukwa cha malire a munda wa mpunga.

"Che Saidi, ana athu akuphunzira kuti ndife anyani."

"Inuyo mwina, a Yohane, nkhope ikuvomereza," anayankha Che Saidi. Komabe anavala kofia yawo n'kutsatana nawo.

Lachisanu makolo anadzaza bwalo la sukulu. Mafunso ankangogwa. Wakutumani ndani? Ndi chipani chiti? Achule aja mumapita nawo kuti? A Nyirenda anakweza buku m'mwamba.

"Sindinalembe ndine. Ili ndi buku la boma."

"Boma liti? Lija tinalichotsa ndi voti?" anakuwa mayi wina. "Ana ndi athu awa!"

Kenako a Nyirenda anandiloza. "Mnyamata uyu analipo. Anene zimene ndinanena."

Ndinaimirira, maso ali pa fumbi, n'kubwereza bodza langa liwu ndi liwu.

Sabata isanathe a Nyirenda anakwera matola ya ku Dwangwa, matilesi atakulunga ndi chingwe. Mphunzitsi wina sanabwere. Miyezi isanu ndi iwiri nthawi ya sayansi tinkangosesa pabwalo. Mayeso atafika ambiri tinalakwa. Ine ndinabwereza, koma anzanga ena, pamodzi ndi mwana wa Che Saidi, sukulu inathera pomwepo.

Lero ndili mu komiti ya sukulu, ndipo ndimanena poyera kuti kholo lili ndi ufulu wofunsa zimene mwana wake akudyetsedwa m'kalasi. Nkhani ya anyaniyo nanenso imandizungulirabe m'mutu. Koma mwana akabwera ndi "aphunzitsi akuti", ndimayamba ndamuuza kuti abweretse kope. Makolo athu anakayikira boma, chipani, munthu wakumpoto ndi achule ake. Wabodza yekhayo ndi amene sanamukayikire, chifukwa ankagona m'nyumba mwawo. Bambo anamwalira akundiyamikira kuti ndinapulumutsa mudzi.