Tsiku limene anganga anamukaniza Yusufu bere

Ndikakumbukira anganga, amayi awo a amayi anga, ndimamva fungo la fodya wa mphuno ndi utsi wa matemba umene unkakwera kuchokera kudooko la Chilwa n'kutipeza m'kanjira ka miyala ka m'phiri la Chikala, ndipo mpaka lero mtima umandiwira. Amati womwalira sanenedwa zoipa. Iyayi, ine ndinena.

Ndinali ndisanavinidwe. Mlongo wanga Yusufu, khanda losayamba n'kuyenda komwe, ankatsegula m'mimba, liwombo litalowa. Anganga anangowayang'ana amayi pakhosi n'kunena kuti, "Uli ndi pakati iwe. Mkaka wako wawola, ndi umene ukumudwalitsa mwanayu. Kuyambira lero bere ayi." Abambo anali kunyanja kokapha nsomba, komanso akanakhalapo, mkamwini akanayankha chiyani?

Tinanyamuka mamawa kupita kwa sing'anga wa liwombo, kuseri kwa phiri. Msewu anganga anaukana chifukwa cha anyamata ofunsa makadi a chipani, amene ankafuna khadi ngakhale ya mwana wa m'mimba. Ndiye kanjira ndithu, kukwera, kutsika, kukweranso, nyanja ili mbuu kumunsi kwathu, mabwato akuoneka ngati makoko a mtedza, thengo lonse nyenje zokhazokha. Anganga patsogolo ndi ndodo, Yusufu atamubereka okha kuti amayi asamuyamwitse mobisa. Amayi pambuyo pawo, mkaka ukudontha mpaka kunyowetsa nsalu, ntchentche zikuwatsatira. Ine kumapeto, nkhuku ya sing'anga ili kukhwapa, maso anga pa timiyendo ta Yusufu timene tinkangolendewera.

Ankalira mwana uja. Dzuwa litakwera, mawu anasasa.

"Amayi, ngakhale timadzi tokha," anatero amayi anga.

"Madzi awonjezera kutsegula. Ndalera ana angati ine? Yenda!"

Pamwala wina waukulu anganga anamutsitsa Yusufu, n'kutsikira kukasupe kukatawasa, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, kuti aswali. Amayi sanadikire. Anamutola, n'kutembenukira kunyanja, Yusufu n'kugwira bere ndi manja onse awiri, ndipo ndinkamva kumeza kwake, gu, gu, ine ndikuyang'ana kukasupe. Sanachedwe anganga. Anamuzula pabere ngati akuzula chinangwa, n'kuwamenya amayi mbama phwa!

"Ufuna kundiphera mdzukulu, chitsiru iwe?"

Kuchokera pamenepo Yusufu sanalirenso. Anganga ankati, "Mwaona? Wagona." Ine ndinkaona kamutu kakugwera uku ndi uku tikamatsika miyala, koma mwana salankhula akulu akuyenda. Titafika, dzuwa litapendeka, akazi a sing'anga anathandiza kumasula mbereko, anamuyang'ana kamodzi, n'kumufunditsa nsalu kumaso.

Anganga analira, kulira kwenikweni, kugubuduka m'fumbi, chifukwa ankamukonda, zimenezo sindikana. Koma mawu amene ankalira nawo ndi awa: "Ndinanena ine! Ndi mkaka uja wa pamwala!" Amayi anakhulupirira. Akukhulupirirabe. Munthu wakalamba akudziyesa kuti anapha mwana wake ndi bere lake.

Lero ndimakhala ku Nkaya, pafupi ndi njanji. Mwana wanga Mariamu akadayamwa, ndipo ndili ndi pakati. Anamwino a kusikelo anandiuza kuti, "Pitirizani mayi, mkaka suwola, ndipo mwana akatsegula m'mimba ndiye muzimuyamwitsa kwambiri." Ndinatuluka panja n'kukhala pansi, anthu n'kumayesa ndi chizungulire.

Tsopano amayi atumiza uthenga kuti akubwera pa sitima kudzatenga Mariamu, akakhale naye kumudzi mpaka aiwale bere. Akuti safuna kuikanso mwana wina. Sitima ikangolira ndimadumpha, kumanga mbereko kawiri, kuima pakhomo kuwerenga nkhope za otsika. Ndikuopa, sindinawayankhepo amayi anga chibadwire. Akafika ndidzawalandira katundu, ndidzawagwadira, ndidzawauza zonse za anamwino, kaya adzamva kaya adzanditukwana. Koma Mariamu pamsana pa munthu wina sakwera.