Mphini za Eni Ake

Ndinafika zaka makumi anayi ndi zitatu khungu langa lisanadziwe lezala. Chipsera chokha chimene ndinali nacho chinali cha katemera, pamwamba pa mkono, ndipo tsiku limenelo anachita kundigwira anthu awiri. Amayi anga anali ndi mphini m'masaya ndi pamimba, monga akazi ambiri a msinkhu wawo, koma bambo anga ankaphunzitsa ana ku madarasa kwathu ku Nkopola, ndipo anakaniratu zoti mwana wawo atemedwe, kaya mphini za mankhwala, kaya zokongoletsa. Ndinakula ndikunyadira khungu losalalalo. Ndivomere kuti amene anali nazo ndinkawaonera pansi pang'ono, ngakhale amayi anga omwe.

Ku Katuli ndinapita chifukwa cha amuna anga, amene anatsegula kagolosale kumeneko, kufupi ndi malire. Zinali zaka za nkhondo ya ku Mozambiki. Anthu ankatulukira m'tinjira ta m'tchire ndi mitolo pamutu, ena opanda ngakhale mtolo, ndipo pafupifupi banja lililonse la pamalopo linali ndi wina amene linamupatsa pomanga kanyumba. Kwa ife kunafika mayi mmodzi wa msinkhu wanga, ali yekha, atanyamula khasu ndi poto. Mwamuna wake anaphedwa tsiku limene mudzi wawo unaotchedwa, ndipo ana awiri amene anabereka anamwalira ali aang'ono nkhondo isanafike kwawo. Tinamupatsa malo kuseri kwa golosale, poganiza kuti ndi za miyezi ingapo. Amati mlendo ndi mame, koma mame athuwa anakhala zaka zisanu ndi chimodzi.

Iye ankalankhula Chiyao. Ine Chiyao ndimamva, koma ndikati ndilankhule anthu amagwira nthiti, choncho tinagwirizana kuti tizicheza m'Chichewa, poti iyenso ankafuna kuchidziwa chifukwa cha kumsika ndi kuchipatala. Anachiphunzira msanga, kupatula kampweya kamene timatulutsa pa mawu ena. Phala kwa iye linali pala, khasu linali kasu, thumba linali tumba. Ndinkamuseka osatopa, iye n'kumandibwezera pondiuza kuti nditchule mawu a Chiyao pamaso pa anthu ogula sopo. Sindikumbukira tsiku limene tinayamba kuitanana kuti achemwali. Zinangochitika, mwina pamtondo, mwina kumunda.

Anali ndi kachitidwe kena kamene ndinkakatenga ngati ulemu wa kwawo. Akapatsa moni mayi wachilendo, kumjigo kapena pamzere wolandirira ufa ndi nandolo, ankagwira dzanja lamanja la munthuyo ndi manja ake awiri, n'kulitembenuza pang'ono ngati akuona nsalu pamsika. Akatero ankamwetulira n'kulisiya. Tsiku lina ndinayesera ine kupereka moni wotero kwa apongozi anga aakazi, iwo n'kundifunsa ngati ndikuwafunafuna nsabwe.

Nkhondo itatha, anthu anayamba kumanga katundu. Sankadziwa chimene akachipeze kwawo, ndipo njira zambiri zinali ndi mabomba okwirira, choncho zinthu zolemera ankasungitsa kwa ife. Kuseri kwa nyumba yathu kunadzaza mitondo, zitseko, mphasa, ngakhale makina osokera a bambo wina amene anatiuza kuti tizimupakira mafuta. Masana ena tikutongola chimanga pakhonde, achemwali angawo anati, osandiyang'ana:

"Achemwali, ine ndikupita mwezi wamawa. Ndimafuna ndikusiyireni mpini, mundisungire."

Ndinaseka. Ndinati ndasunga mitondo ya mudzi wonse, ndingalephere bwanji mpini. Anandifunsa kawiri ngati ndavomeradi. Ine ndi pakamwa panga potha kuthamanga, ndinalumbira pa dzina la Mulungu kuti, "Walahi ndavomera, bweretsani mawa lomwe." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Ndinadabwa mumtima kuti nkhondo imamuononga munthu mpaka kulirira mtengo wa khasu.

M'mawa mwake anabwera wopanda mpini. M'dzanja lina munali chivindikiro cha chitini chokhala ndi makala osinja bwino, m'dzanja linalo kabotolo ka mafuta a nsatsi. Anakhala pansi, n'kupinda mkono wa bulauzi, n'kundionetsa mkati mwa mkono wake wamanja, pakati pa chigongono ndi dzanja. Panali timizere titatu takuda toimirira, ndi kamodzi kopingasa pansi pake. Ndinali nditationa kambirimbiri tikuchapa, koma munthu sufunsa chipsera cha mnzako amene wachokera kunkhondo.

Pamenepo m'pamene kampweya kaja kanandigwetsa. Sanali kunena mpini. Ankanena mphini.

Anandifotokozera mofatsa. Kwawo anabadwa akazi atatu, ndipo amayi awo anawatema onse tsiku limodzi, chizindikiro chofanana, chimene sichinali cha mtundu kapena cha mankhwala, koma chongopeka iwo eni. Timizere titatu ndi anawo, kopingasako ndi mayi. Wamkulu anamwalira pobereka. Wamng'ono anasiyana naye pothawa, pamene anthu anabalalika pamtsinje, ndipo kuyambira tsikulo sanamve za iye. Iye ankakhulupirira kuti ngati ali moyo, adzamufunafuna mbali ino ya malire, poti ankathawira kuno. Anati nkhope zimasintha, maina anthu anasintha pothawa, koma mkono sunama. Tsono iye akapita, ndipo njira ikakapanda kumukomera, chizindikirocho chidzathera pomwepo. Ankafuna chitsale kuno, pa munthu amene amakhala pagolosale, pamene aliyense wodutsa amaima, munthu amene amatambasula mkono tsiku lonse popereka mchere ndi machesi.

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinakwiyira iye chifukwa cha lilime lake, ndinakwiyira pakamwa panga chifukwa cha walahi amene palibe anandipempha. Kukana sindinathe. Ndinangoti lero tili ndi alendo, tione mawa. Mawa lake ndinati mutu ukundiwawa. Tsiku lachitatu ndinati pawailesi akuletsa zotemana ndi malezala chifukwa cha matenda atsopanowa, iye n'kundikumbutsa mwaulemu kuti malezala atsopano timagulitsa ndife. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ine ndinaiviika sabata ziwiri zathunthu.

Amuna anga sanandithandize konse. Anaseka mpaka kukhosomola, n'kunena kuti kwa zaka zonsezi ndakhala ndikuseka Chichewa cha anthu, lero Chichewacho chandiluma. Atatha kuseka anati mkono ndi wanga, koma iwo sakufuna kumva anthu akuwanena kumzikiti. Ndinapita kwa akazi a shehe, mayi wachikulire amene ankatsogolera posambitsa maliro a akazi. Anandiuza zimene ndinkazidziwa kale kuchokera kwa bambo anga, kuti sitiloledwa kusintha thupi limene Mulungu anatipatsa. Koma ananenanso kuti amana, chinthu chimene munthu wakusungitsa, ndi nkhani yolemera, ndipo lumbiro silitayidwa ngati madzi otsukira mbale. Ndinawafunsa kuti ndiye cholemera kwambiri ndi chiti. Anati iwo amasambitsa anthu, kuweruza si ntchito yawo, ndipo anandipatsa tiyi.

Chimene chinkandiopsa kwenikweni chinali chomwecho, kusambitsa. Ndinkaganiza za tsiku langa lomaliza, akazi anzanga atandizungulira, wina n'kutukula mkono wanga n'kuona makala pakhungu la mwana wa mwalimu wa ku madarasa. Akale aja anthu ankawakhululukira, poti anatemedwa ali ana, m'masiku osadziwa. Koma ine, mayi wa ana asanu, wodziwa kuwerenga, kukadzitemetsa ndi maso anga ali pompo? Komanso kasanu pa tsiku, potawaza ndisanaswali, kusamba kuja kokonzekera pemphero, madzi amayenera kudutsa pamalo pomwepo, kuchokera kudzanja kufika pachigongono. Sikunali kobisala, ngakhale kwa ine ndemwe.

Iye sanandikakamize. Tsiku lina tikuchokera kumunda anaima panjira n'kunena kuti waganiza bwino. "Inu munamva mpini, ndiye munalumbirira mpini. Zinazi simunavomere. Musadzivute, achemwali." Anatero bwinobwino, opanda kunyinyirika, n'kupitiriza kuyenda patsogolo panga. Ndimayenera kupepukidwa. M'malo mwake ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire.

Patapita masiku awiri, kumjigo kunafika amayi atatu achilendo, ochokera kumsasa wina wa kum'mwera, amene ankadutsa pa Katuli pobwerera kwawo. Ndinali kumbuyo ndi ndowa yanga. Ndinamuona mnzanga uja akuwayandikira mmodzimmodzi, akugwira dzanja lamanja ndi manja awiri, akulitembenuza pang'ono, akumwetulira, akulisiya. Wachitatuyo anali ndi malaya a manja aatali, ndipo mnzangayo anachita ngati akusirira nsaluyo kuti akweze mkonowo pang'ono. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkaona zimenezi tsiku ndi tsiku n'kumati ndi moni wa ku Mozambiki, mpaka kukauyesera pa apongozi anga. Sunali moni. Ankafunafuna mng'ono wake pamkono wa mkazi aliyense amene anadutsa pa Katuli, ndipo sanandiuzepo, mwina poona kuti ine ndinali wotanganidwa ndi kuseka katchulidwe kake. Ndinatula ndowa pansi. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinadziona kuti ndine mchemwali wapakamwa chabe.

M'mawa mwake ndinatenga lezala watsopano pashelefu, amuna anga akuona. Anangotembenukira ku sikelo. Ine ndi mnzanga uja tinalowa mumpanda wa bafa dzuwa litangokwera, n'kukhala pamwala wochapira. Anasamba m'manja, anandipukuta mkono, anatsina khungu ndi zala ziwiri. Ndinamuuza kuti pa katemera anandigwira anthu awiri, iye anati apa agwira yekha, ndipo ndikathawa andipeza pagolosale. Kuwawa kwake sikunali koopsa, kunali ngati kuchekedwa ndi tsamba la bango kanayi. Chimene chinandiliza ndi makala aja, pamene ankawatikitira m'mabala ndi chala chake chachikulu, akung'ung'udza kanyimbo kamene sindinakamve mawu ake.

Atamaliza ndinayang'ana: titatu toimirira, kamodzi kopingasa. Ndinamufunsa, mongoseka koma ndikutanthauza, ngati sawonjezerapo kachinayi ka ine, poti tsopano ndalowa m'banjamo. Anapukusa mutu.

"Wosunga sawonjezera," anatero. "Mng'ono wanga angasokonezeke."

Zinandibaya pang'ono, ndipo ndinakhala nazo tsiku lonse. Koma ankanena zoona. Kenaka anandiphunzitsa chonena ngati munthuyo atabwera: dzina la mudzi wawo, dzina la mtsinje, ndi kuti mkulu wake anakhala kuno ali bwino, sanagone ndi njala, ndipo wabwerera kumudzi kukamudikira. Anandibwerezetsa m'Chiyao mpaka katchulidwe kanga kanamukhutiritsa, ndipo apa ndi pamene anandibwezera zonse za pala ndi kasu.

Tsiku lonyamuka anakhala pakhonde lathu n'kugogoda khasu lake pamwala mpaka chitsulo chinatuluka. Chitsulocho anachikulunga mumtolo, poti mitengo kwawo iliko. Mtengowo anandipatsa ine ndi manja awiri. "Uwu ndi umene munalumbirira," anatero. Tinaseka mpaka anthu amene ankamudikira anayamba kung'ung'udza. Bala langa linali lisanapole, ndipo pondikumbatira analisamala.

Uthenga wake unandipeza kamodzi, kudzera mwa wogulitsa fodya wina: anafika, mudzi anaupeza uli tchire, wayamba kulima. Sindinamvenso china. Eni mitondo ndi zitseko anabwera kudzatenga zawo, wa makina osokera anatumiza mphwake. Kumzikiti anthu ananena kwa miyezi ingapo n'kutopa. Ine ndinakhala pagolosale paja zaka zina zambiri, ndipo ndinasiya kuvala malaya a manja aatali ngakhale m'nyengo yozizira. Mkazi wachilendo akafuna mchere, ndinkampatsa ndi dzanja lamanja, mkono uli chagada, n'kuchedwetsa dala, ndikumuyang'ana kumaso. Ena ankaona ngati ndikufuna kuwabera chenji. Palibe amene anagwira mkonowo.

Mpini uja ndinauimika pakona ya chipinda, koma unafumbwa, ndipo tikusamuka kubwerera ku Nkopola unathyokera m'manja mwanga. Mphinizo zilipo. Khungu lakwinyika, timizere tayandikana, koma tikuwerengeka. Potawaza ndimazisambitsa monga mbali ina iliyonse, ndipo za kulakwa kapena kusalakwa kwake ndinazisiya kwa Mwini thupi. Akazi amene amasambitsa maliro kuno ndinawaitana kale n'kuwaonetsa, kuti asadzadabwe. Ndinawauza kuti si zanga, ndinangosungitsidwa, ndipo ndinawaphunzitsa dzina la mudzi ndi la mtsinje. Ndinawapempha kuti tsiku limenelo, ngati pamaliro padzakhale mayi wachilendo wokalamba amene palibe akumudziwa, asadzafulumire kundiphimba mkono.