Mipando ya amake Joyisi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 1, chaka cha njala chija cha 2002, pamene ndinaphunzira kukayikira munthu amene akukubwereka chinthu iwe usanapemphe.

Tinkakhala ku Chilomoni, kumtunda kumene minibasi sifika, m'nyumba za mdadada za landilodi mmodzi. Chipinda ndi balaza, basi. Bambo anga anali mlonda, koma kampani yawo itatsekedwa anatsikira ku Nchalo kukafuna ganyu yodula nzimbe, ndipo miyezi inkatha osatumiza kanthu, ngakhale uthenga. Panyumba tinatsala atatu: mayi anga, ine, ndi mlongo wanga Tereza wa zaka zisanu. Mayi ankagulitsa tomato pamsewu, koma chaka chimenecho ndani ankagula tomato? Munthu akapeza kandalama ankathamangira ufa. Ife tinkagula timapepala ta ufa tija tinkatitcha wokumani, kudya kamodzi patsiku, zikavutitsitsa gaga. Tereza tsitsi linayamba kufiira ndi kuthothoka. Anasiya kusewera. Ankangokhala pakhonde n'kumayang'ana anzake ngati nkhalamba.

Mayi anga anali Msena wa ku Nsanje, Mkatolika wa kolona m'khosi, ndipo anali ndi matenda amodzi amene ankandipsetsa mtima: manyazi pamaso pa mlendo. Tikanatha kugona ndi njala, koma mlendo akafika ankayenera kupeza pabwalo posesa, ana osamba, ndi pokhala. Pabalaza pathu panali benchi imodzi yogwedera, mphasa, ndi chithunzi cha Mtima Woyera chodula pa kalendala yakale. Ndiye ikafika nthawi yathu yolandira mapemphero a mphakati, ndinkatumidwa kukabwereka mipando iwiri khomo loyandikana nalo, kwa amake Joyisi.

Amake Joyisi anali mayi wamasiye. Amuna awo anali dalaivala wa thiraki ya ku Joni, ndipo anawasiyira sofa, mipando, katebulo kapakati, kabati ya magalasi ndi wailesi yaikulu ya makaseti. Joyisi mwiniwakeyo anali atamwalira, n'kuwasiyira adzukulu atatu. Kunena chilungamo, nawonso njala inawagwira. Sofa sadya. Koma katundu wa amuna awo anakana kugulitsa, ndipo ankamusamala ngati mazira. Ndikabweza mipando iwiri ija ankaitembenuza, kuyang'ana pansi ndi pamwamba, ngati ndalumako mwendo.

Tsiku lina Lamulungu analengeza kutchalitchi kuti boma lithandizako chimanga mabanja ena ovutikitsitsa a m'tauni. Zinali zachilendo, chifukwa ife a m'tauni nthawi zonse ankatidumpha, ati tili pantchito. Anati wofuna apereke dzina kukomiti ya m'dera, kenako anthu a boma adzayenda khomo ndi khomo kuona ndi maso awo amene akuvutikadi. Mayi anakapereka dzina, koma anapita ngati akukaba, atafunda chitenje kumutu.

Sabata imeneyo Chilomoni yense anasauka mwadzidzidzi. Njinga zinasowa m'makonde. Amene anali ndi mlongoti wa TV padenga anautsitsa. Nkhuku zinasamukira kwa achibale ku Chemusa. Ine ndinkaziona zonsezi popita kusukulu, ndipo mumtima ndinkati ife tilibe chobisa, akangolowa m'nyumba mwathu atilemba asanakhale n'komwe.

M'mawa wa tsiku limene anthu a boma ankafika mumdadada wathu, amake Joyisi anagogoda khomo lakuseri.

"Amake Domi, alendo aja akufika lero. Ndiye muwakhazika pati, pa benchi yanuyi? Anthu a boma amenewa, mayi, si ana a mphakati. Domi, tabwera udzanyamule."

Ndinkaganiza kuti ndi mipando iwiri ija. Ayi. Anandinyamulitsa mipando yonse, katebulo, wailesi, kenako tinagwirizana ndi mdzukulu wawo wamkulu kukoka sofa ndi kabati, kudzera kuseri kumene kunali zingwe zoyanikapo zovala. Anabwera okha kudzayala tinsalu toluka pamisana pa mipando, n'kuima chapatali kuona ngati zakhala bwino.

Atangotuluka ndinawafunsa mayi.

"Amayi, chiyambire liti amake Joyisi kutipatsa sofa? Abambo mfumu atabwera kudzadalitsa nyumba anatikaniza."

"Iwe sesa apo."

"Anthu onse akubisa katundu. Ife ndiye tikuonjezera?"

"Ndati sesa. Mlendo wanga sakhala pansi."

Sanalekere pomwepo. Anamusambitsa Tereza, kumudzoza mafuta mpaka kunyezimira, kumuveka diresi la kutchalitchi ndi kachipewa koluka kamene kanabisa tsitsi lofiira lija. Ndalama ya ufa wa tsikulo anagulira kapepala ka shuga ndi masamba a tiyi. Ine ndinkaona ngati ndikulota. Fungo la sopo linadzaza nyumba imene inali isanaone chakudya chiyambire dzulo lake masana.

Anafika dzuwa litakwera. Mayi wina wa magalasi atanyamula mapepala, mnyamata wovala jombo zafumbi, ndi wapampando wa komiti ya m'dera lathu, bambo wina amene chaka chonse cha njala lamba wake sanasinthe bowo. Mayi wa magalasi anamira mu sofa n'kupuma mokoma, ngati munthu amene wayenda m'mawa wonse akukhala pa zidina. Anayang'ana kabati, anayang'ana wailesi, anayang'ana Tereza. Mayi anga anabwera chogwada ndi tiyi.

"Bambo a m'nyumba muno alipo?"

"Alipo, ali ku Nchalo."

"Kuntchito?"

"Eya, kokafuna ntchito."

Mayi uja analemba kanthu. Ndikukhulupirira kuti anangomva mawu oti ntchito.

"Mumadya kangati patsiku?"

"Timadya ndithu. Mulungu amatiyang'anira."

"Kamodzi," ndinatero ine ndili pakhomo. "Dzulo tinadya gaga."

Mayi anga anandiyang'ana ndi diso limene ndimalikumbukira mpaka lero. Wapampando anaseka, ati anyamata a msinkhu uwu sakhuta. Mayi wa magalasi analoza wailesi ndi cholembera.

"Iyi ndi yanu?"

"Ili m'nyumba mwanga muno," anayankha mayi, maso ali pansi.

Anamwa tiyi, anathokoza, anatuluka. Analowa khomo lotsatira. Khoma la pakati pathu silinkafika kudenga, ndiye zonse tinkazimva. Amake Joyisi anawalandira ndi mawu a munthu wodwala. Anapepesa kuti alibe powakhazika. Ndinazungulira kuseri n'kusuzumira pawindo: balaza lopanda kanthu, pansi pakuoneka madindo a miyendo ya sofa, iwo atakhala pamphasa atavala chitenje chong'ambika chimene ankakolopera, adzukulu atatu atawaunjikira pamiyendo osasamba. Benchi imene alendowo anakhalapo inali yathu yogwedera ija. Sindinaone n'komwe nthawi imene anaitenga.

Mayina anakawerenga pabwalo la sukulu ya pulaimale sabata yotsatira. Tinaima padzuwa, fumbi lili m'kamwa, tikuyang'ana matumba ataunjikidwa m'kalasi. Anaitana mlamu wake wa wapampando. Anaitana mayi wina amene aliyense ankadziwa kuti ali ndi okala. Anaitana amake Joyisi. Ife ayi. Mayi anangomanga chitenje n'kunena kuti tiyeni.

Ine ndimapsa mtima msanga, ndipo sindinayambe lero. Titafika kunyumba ndinalunjika pabalaza. Ndinagwira mpando umodzi, kutaya kansalu koluka pansi, n'kuyamba kuukokera kukhomo lakumaso. Maganizo anga anali oti ndiutulutse katundu yense, ndimuunjike pamsewu, ndiitane mdadada wonse, ndipo ndikawatenge anthu a boma aja kusukulu asanachoke adzaone mwini wake wa sofa.

Mayi anaima pakhomo. Sanakuwe. Anayamba kulankhula Chisena, ndipo akatero tinkadziwa kuti nkhani yafika poipa.

"Ukupita nawo kuti?"

"Pamsewu. Aone onse kuti mayi aja ndi wakuba. Atipusitsa, amayi. Inu simukuona?"

"Ndikuona. Ukakawauza a boma, achita chiyani?"

"Awachotsa dzina."

"Akawachotsa, thumba lawo libwera kuno?"

Ndinayang'ana mpando umene ndinagwira.

"Ndikufunsa iwe wa ku sekondale. Libwera kuno, kapena lipita kwa mlamu wina wa wapampando? Ana atatu aja adya chiyani? Nanga Tereza adya chiyani, mkwiyo wakowo?"

"Ndiye tingokhala?"

"Bweza mpando pamene unali. Tola kansaluko, ukakung'unthe. Ukatero unditengere beseni lalikulu lija."

Ndinachita zonsezo. Tinadikira mpaka tinamva wilibala ikulira kuseri, mdzukulu wamkulu akubweretsa thumba. Mayi anandinyamulitsa beseni, tinakagogoda.

Amake Joyisi anatsekula pang'ono. Thumba linali pakona, atalifunditsa kale bulangete.

"Amake Joyisi, ndati ndikuyamikireni. Mulungu wakuonani."

"Aa, n'zoona mayi. Koma inu zandidandaulitsa. Ndimayesa akulembani."

"Zimachitika. Ndabwera kudzafunsa za katundu wanu uja. Domi akuti abweze pompano. Akuti kuseri n'kothina, adutsa naye kumaso, kumsewu."

Amake Joyisi anacheukira pakona pamene panali thumba. Kusukulu kuja anali atalengeza kuti anthu a boma azibwerabe mwadzidzidzi kudzaona amene alandira, ndipo wopezeka kuti ananama achotsedwa.

"Ayi, asavutike mwanayu. Akhale kaye konko."

"Akhala. Ife tisamala, simupeza ndi kachikanda komwe. Kungoti ndi wambiri, akutipanikiza. Domi akugona chopinda miyendo."

Atatero anandilanda beseni n'kuliika pansi, pakati pa balaza lopanda kanthu lija. Linalira ngati belu. Mayi ankayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Ine ndinkayang'ana amake Joyisi, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu m'maso bwenzi atapsa.

Amake Joyisi anavundukula bulangete, anamasula thumba, anayamba kuthira ndi mbale. Beseni litafika pakati anaima. Mayi sanasunthe. Anathiranso. Anaimanso, n'kunena chapansipansi kuti ana atatu. Mayi anati, "Ndikudziwa, mayi. Ine awiri." Anathira mpaka chimanga chinapanga kaphiri. Pamenepo mayi anawomba m'manja mwaulemu, n'kunena mawu awo a kwawo othokozera.

"Takhuta."

Mwezi uliwonse wilibala ikalira kuseri, ndinkatumidwa ndi beseni. Sindinkanena kanthu, iwonso sankanena kanthu. Nyemba zikakhalapo ankaika kambale pamwamba. Nthawi zina masana amake Joyisi ankabwera kudzakhala pa sofa yawo yomwe, kuisisita, n'kumacheza ndi mayi za kwaya ngati palibe chinachitika. Ine ndinkatuluka, chifukwa ndinkaopa pakamwa panga. Chimanga chatsopano chitayamba kufika mumsika, thandizo linatha, ndipo ndinabweza katundu yense kudzera kuseri. Anatembenuza mpando uliwonse monga kale. Tereza tsitsi linali litayamba kuda.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaifotokoza mophweka: mayi anga anali munthu wamanyazi, neba wochenjera anawapusitsa, iwo n'kudzipulumutsa mochedwa. Koma pali zinthu zimene zinkandikanda. Mayi ankakhala pamsewu tsiku lonse, ankaona njinga zikusamuka ndi milongoti ikutsika kuposa ine. Benchi yathu inapezeka bwanji kwa amake Joyisi ine osaona? Ndipo n'chifukwa chiyani beseni lalikulu lija, limene tinkasungiramo makala, linali lotsukidwa kale tsiku lowerenga mayina?

Ndinadzawafunsa atakalamba, ndili pabanja ku Zingwangwa, atakhala pa sofa yanga yogula ndekha.

"Amayi, tsiku lija munkadziwa?"

"Tsiku liti?"

"La mipando ya amake Joyisi."

Anayang'ana kunja.

"Iwe ukuganiza kuti akanatilemba ife? Bambo ako ali moyo, iwe chimnyamata cha manja awiri, kukomiti tilibe m'bale? Ankafuna amasiye."

"Ndiye munapangana?"

"Sitinapangane kanthu."

"Nanga beseni lija?"

"Beseni salitsuka?"

Ndinayesa kuwapanikiza, koma anangoti tiyi wazizira, ndiwaitanire mpongozi wawo. Anamwalira osandiuza zoposa pamenepo. Amake Joyisi anali atatsogola kale, ndipo pamaliro awo amene anagona pafupi ndi bokosi, kuyambitsa nyimbo mpaka mawu kusasa, anali mayi anga.

Mpaka lero sindidziwa amene anachenjerera mnzake. Mwina amake Joyisi anabwera kudzatipusitsa, mayi n'kuona msanga kuti apereka okha chogwirira. Mwina amayi awiriwa anamvana osatulutsa liwu, monga amachitira amayi a khoma limodzi. Mwinanso mayi anangofunadi kuti mlendo asakhale pansi, zinazo n'kuziganiza pambuyo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ine ndinaona bwino. Chinyengo chinalipo, ndinachinunkhiza m'mawa womwe uja, ndipo kukomiti kuja chinalipo chachikulu kuposa cha mayi wamasiye wobisa sofa. Sindinasinthe maganizo pa zimenezo. Munthu akandibweretsera chinthu ndisanapemphe, ndimayamba ndafunsa kuti kwake kukubwera ndani.

Koma kuona bwino kuja kukanapha mlongo wanga. Ndikanaunjika katundu pamsewu, mdadada wonse ukanandiombera m'manja, wapampando akanapeza thumba lina laulere, ndipo nyumba ziwiri zikanagona ndi njala, imodzi ili ndi chilungamo chake chonse. Tereza lero ali ku Machinjiri ndi ana ake atatu, ndipo za kachipewa koluka kaja sakumbukira n'komwe.

Mtima wanga sunaphwe. Ndimakalipabe kuntchito, mu minibasi, ngakhale kutchalitchi. Koma zikafika poti ndagwira kale mpando ndipo ndikuukokera kukhomo, ndimaona mayi wamfupi ataima pamenepo, kolona ili m'khosi, akundifunsa mu Chisena kuti ndikautulutsa, adya ndani.